Mivi ya Ana ndi Madola 700 Biliyoni: Mkangano wa Kusakaza Ndalama Populumutsa Mabanki ku America

Pa 3 Okutobala 2008, pulezidenti wa dziko la America, George W. Bush, anasainira lamulo lololeza boma kugwiritsa ntchito ndalama zofika madola 700 biliyoni populumutsa mabanki omwe anali pafupi kugwa. Masabata awiri m'mbuyomo, pempho la ndalamazi linali la masamba atatu okha. Pofika tsiku losainira linali litafufuma n'kukwana masamba pafupifupi 450, ndipo mkati mwake munali ndime yochotsa msonkho pa mivi yamitengo imene ana amaphunzirira kuponya. Munalinso za mowa wa ramu, za mabwalo a mpikisano wa magalimoto, za ubweya wa nkhosa ndi za opanga mafilimu. Sabata imeneyo mawailesi, makanema ndi manyuzipepala anangoti kakaka pa mivi ija, ndipo anthu ambiri okumbuka lamuloli amayambira pomwepo.

Mkwiyo wa anthu unali ndi chifukwa chomveka ndipo sindiupeputsa. Koma ndikatsatira mmene ndalama zinayendera kuyambira sabata imeneyo mpaka pomwe dongosololi linatsekedwa, ndimaona kuti mawu akuti kusakaza anathera pa tinthu tating'ono tooneka ndi maso, pomwe funso lalikulu, la mtengo umene boma linapatsira mabanki ndalama za anthu komanso la amene anasiyidwa panja, linabwera mochedwa ndipo silinamveke mokweza chimodzimodzi.

Vuto lenilenilo linayambira pa nyumba. Kwa zaka zingapo mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama ankapereka ngongole zogulira nyumba ngakhale kwa anthu amene zinali zodziwikiratu kuti adzavutika kubweza. Wobwereketsayo sankada nkhawa chifukwa ngongoleyo sankaisunga. Ankaigulitsa kwa mabanki akuluakulu a ku Wall Street, dera la mabanki ku New York, iwo n'kumanga ngongole zikwizikwi pamtolo umodzi, n'kugulitsa zidutswa za mtolowo kwa osunga ndalama padziko lonse. Malinga mitengo ya nyumba inkakwera, aliyense ankapeza phindu. Mitengo itayamba kutsika cha m'ma 2006 ndi 2007, anthu anayamba kulephera kubweza, ndipo panalibe amene ankadziwa bwinobwino kuti mitolo yowola ili m'manja mwa ndani. Mabanki akuluakulu amakhalira kubwerekana ndalama kwa masiku ochepa, nthawi zina kwa usiku umodzi wokha. Banki ikayamba kukayikira inzake imasiya kuibwereketsa, ndipo yokayikiridwayo imauma msanga ngakhale ikhale ndi katundu wambiri papepala.

Mu Malichi 2008 banki ya Bear Stearns inagulitsidwa mwachangu kwa JPMorgan Chase mothandizidwa ndi banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve. Pa 7 Seputembala boma linatenga Fannie Mae ndi Freddie Mac, makampani awiri amene ankaimira gawo lalikulu la ngongole za nyumba. Pa 15 Seputembala Lehman Brothers inagwa popanda woitola. Tsiku lotsatira Federal Reserve inabwereketsa madola 85 biliyoni ku kampani ya inshulansi ya AIG. Apa mantha anali atatuluka mu Wall Street n'kufika ku makampani wamba, amene amadalira ngongole zazifupi polipira antchito ndi kugula katundu.

Pa 20 Seputembala nduna ya zachuma, Henry Paulson, amene kale anali mkulu wa banki ya Goldman Sachs, anatumiza ku Nyumba ya Malamulo masamba atatu aja. Ankapempha mphamvu zogula mitolo yowolayo kuchokera ku mabanki. Ndime yachisanu ndi chitatu inanena kuti zimene nduna idzasankhe sizidzaunikidwa ndi khoti lililonse kapena nthambi ina ya boma. Ndime imeneyi inapweteka aphungu a mbali zonse, ndipo m'masiku otsatira anawonjezera zambiri: makomiti oyang'anira, kutulutsa ndalamazo pang'onopang'ono, malire ena pa malipiro a mabwana a mabanki. Bilu inakula n'kupitirira masamba 100. Kukula koyambaku kunali koyenera, chifukwa kunali kumanga mpanda kuzungulira ndalama za anthu. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake ena ankawerenga masamba onse 450 ngati zinyalala, pomwe mbali ina inali zotchinjiriza.

Nyumba ya Malamulo ya ku America, Congress, ili ndi zipinda ziwiri: House of Representatives ya aphungu 435 ndi Senate ya maseneta 100. Pa 29 Seputembala House inakana biluyo. Ovomera anali 205, okana 228. A chipani cha Republican, chomwe ndi chipani cha Bush yemwe, ndi amene anakana kwambiri: 133 anakana, 65 okha anavomera. A Democrat 140 anavomera, 95 anakana. Zifukwa zinali zosiyana. A Republican ambiri ankati boma lisalowerere pa malonda, kampani yolakwitsa igwe yokha. A Democrat okana ankati n'kulakwa kutola mabwana a mabanki n'kusiya mabanja amene akulandidwa nyumba. Onsewa ankalandira mafoni ochuluka ochokera kwa anthu a m'madera awo, ndipo chisankho chinali pa 4 Novembala, patangotsala masabata asanu. Anthu wamba ankaona nkhaniyi ngati nkhuyu zodya mwana zimene zikupota wamkulu: ena anatchova juga n'kulemera, wolipira n'kukhala wokhoma msonkho. Tsiku lomwelo muyeso wa mitengo ya masheya wotchedwa Dow Jones unatsika ndi mapointi pafupifupi 778, kutsika kwa mapointi ambiri pa tsiku limodzi kumene kunali kusanaonekepo.

Apa ndi pamene Senate inalowererapo. Malamulo aakulu a dzikolo amati bilu yokhudza misonkho iyambire ku House. Pofuna kuzemba mfundo imeneyi, atsogoleri a Senate anatenga bilu ina yomwe House inali itavomereza kale, yokakamiza makampani a inshulansi kulipirira matenda a maganizo mofanana ndi matenda ena, n'kuigwiritsa ntchito ngati thumba. M'thumbamo anaikamo dongosolo lopulumutsa mabanki, anakweza kwa kanthawi ndalama zimene boma limateteza pa akaunti ya munthu ku banki kuchoka pa madola 100,000 kufika pa 250,000, kenako anathiramo mulu wa zochepetsa misonkho zokwana pafupifupi madola 150 biliyoni. Pa 1 Okutobala Senate inavomereza ndi mavoti 74 kwa 25. Barack Obama ndi John McCain, amene ankapikisana pa upulezidenti, onse anavomera. Pa 3 Okutobala House nayo inavomereza ndi mavoti 263 kwa 171.

Mulu wa misonkhowu ndi umene otsutsa anautcha pork, mawu a ndale za ku America otanthauza nyama yankhumba, kunena ndalama za boma zimene phungu amakokera ku dera lake kapena kwa anzake kuti adzamukumbukire pa chisankho. Ena ankangoti zotsekemeretsa, ndipo kwa ife mawu oyandikira kwambiri ndi nyambo. Mabungwe olondoloza ndalama za boma monga Taxpayers for Common Sense ndi Citizens Against Government Waste anafukula ndime zimenezi imodziimodzi n'kuziika poyera. Ntchito yawo inali yofunika. Komabe tiyenera kutsegula muluwo kuti tione chimene chinalimo, chifukwa zinthu zake sizinali zofanana kukula kapena mtundu.

Chinthu chachikulu kuposa zonse, cha madola oposa 60 biliyoni, chinali chigamba pa msonkho wotchedwa Alternative Minimum Tax. Msonkhowu unayamba mu 1969 zitadziwika kuti mabanja 155 opeza ndalama zambiri sanalipire msonkho uliwonse ku boma lalikulu. Cholinga chinali chogwira olemera ozemba. Koma malire ake sanamangiriridwe ku kukwera mitengo kwa zinthu, choncho malipiro a anthu akamakwera chaka ndi chaka, msonkhowo unkayamba kugwira mabanja apakatikati amene sanali m'maganizo mwa oulemba. Congress inkaika chigamba chaka chilichonse. Chikanapanda kuikidwa mu 2008, anthu oposa 20 miliyoni akanapeza msonkho wawo utakwera. Munthu angathe kutsutsa njira yochitira zinthu mwa zigamba, koma n'kovuta kunena kuti iyi inali mphatso ya phungu mmodzi kwa mnzake. Mbali ina yaikulu inali yothandiza magetsi a dzuwa ndi a mphepo, kafukufuku wa makampani, ndi madera amene anakhudzidwa ndi kusefukira kwa madzi komanso mphepo yamkuntho chaka chimenecho. Kuchotsera msonkho kofika madola 7,500 kwa wogula galimoto yamagetsi kunabadwira m'lamulo lomweli.

Tsono mivi ija. Ku America kuli msonkho pa zida zosakira nyama, ndipo ndalama zake zimapita ku thumba losamalira nyama zakutchire. Lamulo litasinthidwa mu 2004, muvi uliwonse unkalipiritsidwa masenti pafupifupi 40 mosayang'ana mtengo wake. Kwa muvi wodula wa mlenje, masenti 40 si kanthu. Koma muvi wamtengo wophunzitsira ana m'masukulu ndi m'misasa unkagulitsidwa pafupifupi masenti 30, kutanthauza kuti msonkho unkaposa mtengo wa katunduyo. Maseneta awiri a chigawo cha Oregon, Ron Wyden wa Democrat ndi Gordon Smith wa Republican, anali atakankha kale nkhaniyi chifukwa m'chigawo chawo munali kampani yopanga mivi yotere. Boma linkayembekezeka kutaya madola 2 miliyoni pa zaka 10. Tikayerekeza ndi madola 700 biliyoni, ndi gawo limodzi mwa magawo 350,000. Kunali kukonza cholakwika chenicheni m'lamulo la msonkho, ngakhale kuti malo ake sanali m'bilu yopulumutsa mabanki.

Za ramu zinali zolemererapo, madola pafupifupi 192 miliyoni, ndipo zili ndi mafunso ake. Boma lalikulu limatolera msonkho pa ramu ndipo limabweza gawo lalikulu la ndalamazo ku maboma a zilumba za Puerto Rico ndi Virgin Islands. Lamulo lokhazikika linkati libweze madola 10.50 pa muyeso uliwonse wa galoni, koma Congress inkakweza kwa kanthawi kufika pa 13.25, ndipo biluyi inangopitiriza kukwezako. Oikira kumbuyo ankati zilumbazi n'zosauka poyerekeza ndi zigawo za kumtunda ndipo ndalamazo zimayendetsa ntchito za boma. Otsutsa ankaloza kuti mbali ya ndalamazo imathera kwa opanga mowa, ndipo chaka chomwecho boma la Virgin Islands linali litagwirizana ndi kampani ya Diageo kuti isamutse ntchito yopanga ramu ya Captain Morgan kuchoka ku Puerto Rico, poilonjeza thandizo lochokera m'thumba lomweli. Eni mabwalo a mpikisano wa magalimoto analoledwa kupitiriza kuchotsera msonkho mtengo wa zomanga zawo m'zaka 7 zokha, zimene zinkawerengedwa pafupifupi madola 100 miliyoni. Za ubweya zinali madola 148 miliyoni, za opanga mafilimu madola 478 miliyoni. Izi ndi zinthu zimene makampani amalembera ganyu anthu oti azinyengerera aphungu, ndipo apa mawu akuti pork ankakwanira ndithu. Koma ukaziwonkhetsa zonse zotchuka zija, mivi, ramu, mabwalo, ubweya ndi mafilimu, sizifika ngakhale madola 1 biliyoni.

Pali mfundo ina imene imasowa m'nkhani zambiri. Mulu wa misonkhowu sunalembedwe usiku umodzi pofuna kugula mavoti. Senate inali itauvomereza kale paokha pa 23 Seputembala, ndi mavoti 93 kwa 2. Unali utaima ku House chifukwa gulu la a Democrat osamala za ngongole ya boma, lotchedwa Blue Dogs, linkaumirira kuti msonkho uliwonse wochepetsedwa ulipiridwe pokweza wina kapena podula ndalama kwina. Maseneta anaona mpata: akamangirira muluwo ku bilu imene aliyense akuopa kuikana kachiwiri, a Blue Dogs agonja. Ndiye kuti nyambo ija kwa aphungu ena inali chingwe chowamanga manja. Ena anaimeza akudandaula. Earl Blumenauer, phungu wa ku Oregon amene anamenyera kwa zaka zambiri kuti opita ku ntchito pa njinga azilandira madola 20 pa mwezi osadulidwa msonkho, anapeza ndime yakeyo ili m'biluyo, koma anavota kukana. McCain, amene kampeni yake inkadzudzula kwambiri ndalama zokokera ku madera, anavomera ndipo anafunsidwa mafunso ovuta.

Kodi zotsekemeretsazo n'zimene zinasintha mavoti? Ovomera anawonjezeka ndi 58, a Democrat 32 ndi a Republican 26. Ena ananena poyera kuti chigamba cha msonkho chija, kukwezedwa kwa chitetezo cha ndalama zosungitsa ku banki, kapena thandizo la masukulu a m'madera a nkhalango linawathandiza kusintha maganizo. Koma pakati pa mavoti awiriwa panachitikanso zina. Anthu anaona ndalama zawo za penshoni zikusungunuka, eni mabizinesi ang'onoang'ono anayamba kuimbira aphungu kuti mabanki aleka kubwereketsa, ndipo atsogoleri a zipani zonse pamodzi ndi opikisana pa upulezidenti anaimbira aphungu mmodzimmodzi. Mantha anagwira ntchito limodzi ndi nyambo. Za ramu sizikanagula voti mwachindunji, chifukwa oimira Puerto Rico ndi Virgin Islands ku Congress alibe mphamvu yovota pa malamulo.

Chimene ine ndimaona kuti chinali cholakwika chachikulu pa mbali imeneyi ndi kumanga zinthu zosagwirizana pamtolo umodzi pa nthawi ya ngozi. Phungu wofuna kupulumutsa chuma koma wodana ndi thandizo la opanga mowa analibe njira yonenera zimenezo ndi voti yake. Wofuna chilungamo kwa odwala maganizo koma wokana kutola mabanki analinso chimodzimodzi. Masamba 450 anaperekedwa kwa anthu oti avote pasanathe masiku awiri kapena atatu. Ndipo munthu wamba amene ankauzidwa kuti nyumba ikupsa, aliyense abweretse madzi, anaona atsogoleri ake ali ndi nthawi yolongedza katundu wa anzawo. Chikhulupiriro chimene chinatayika pamenepo sichiwerengeka ndi madola, ndipo boma linkachifuna kwambiri m'miyezi yotsatira.

Patangopita masiku 10 lamulo litasainidwa, dongosolo lonse linasintha. Pa 13 Okutobala Paulson anaitanitsa akuluakulu a mabanki 9 ku Washington n'kuwauza kuti boma lilowetsa ndalama mwachindunji pogula masheya apadera m'mabanki awo, madola 125 biliyoni kwa iwo okha. Citigroup, JPMorgan Chase ndi Wells Fargo analandira madola 25 biliyoni aliyense, Goldman Sachs ndi Morgan Stanley madola 10 biliyoni aliyense. Mu Novembala Paulson analengeza kuti zogula mitolo yowola zija, zomwe dzina la dongosololi, Troubled Asset Relief Program kapena TARP, linachokera, zasiyidwa. Akatswiri ambiri a zachuma ankaona kuti kulowetsa ndalama mwachindunji kunali kwanzeru, chifukwa kuika mtengo pa mitolo ija kukanatenga miyezi. Funso linali pa mtengo wa ndalama za boma.

Mabankiwo anauzidwa kuti azilipira boma phindu la 5 peresenti pa chaka kwa zaka zisanu zoyamba. Masabata atatu m'mbuyomo, Warren Buffett, wabizinesi wolemera wa ku America, anali ataika madola 5 biliyoni mu Goldman Sachs yomweyo pa phindu la 10 peresenti. Sabata yomwe Paulson anakumana ndi mabanki aja, boma la Britain, motsogozedwa ndi Gordon Brown, linalowetsa mapaundi 37 biliyoni mu Royal Bank of Scotland, Lloyds TSB ndi HBOS, likufuna 12 peresenti pa masheya ake apadera, ndipo mkulu wa Royal Bank of Scotland anachoka pa udindo. Paulson anali ndi chifukwa chake. Ankafuna kuti mabanki olimba ndi ofooka omwe alandire ndalamazo limodzi kuti msika usaloze chala ofookawo, ndipo banki yolimba sikanavomera mtengo wolanga. Mfundoyi ndi yomveka, ndiponso kukhwimitsa kwa Britain sikunaipulumutse, chifukwa pamapeto pake inaluza ndalama pa Royal Bank of Scotland. Komabe kufewako kunali ndi mtengo wake. Mu Febuluwale 2009 komiti ya Congress yoyang'anira TARP, imene wapampando wake anali Elizabeth Warren, inawerengera kuti unduna wa zachuma unalipira madola 254 biliyoni pogula zinthu zimene pa nthawiyo zinali za madola 176 biliyoni. Kusiyana kwa madola 78 biliyoni kumeneku n'kochuluka maulendo 39,000 kuposa ndalama za mivi ija.

Nkhani ya AIG ndi imene imandivutitsa kwambiri. Nthambi ina ya kampaniyi inali itagulitsa kwa mabanki mtundu wa inshulansi pa mitolo ya ngongole ija, ikulonjeza kulipira mitoloyo ikawola, koma ilibe ndalama zokwanira kutero. Thandizo lonse limene boma ndi Federal Reserve analonjeza ku AIG linafika pafupifupi madola 182 biliyoni. Mbali ya ndalamazo inangodutsa mu AIG n'kupita kwa mabanki amene inali nawo ngongole, kuphatikizapo Goldman Sachs, Société Générale ya ku France ndi Deutsche Bank ya ku Germany, ndipo analipidwa zonse popanda kuchotserapo. Kampani ikagwa mwa masiku onse, amene ili nawo ngongole amalandira gawo chabe. Pano anthu amene anasankha okha kuchita malonda ndi AIG sanaluze kanthu pa mapanganowo. Akuluakulu a Federal Reserve ya ku New York, imene inkatsogozedwa ndi Timothy Geithner, ankati analibe mphamvu yokakamiza mabankiwo kuvomera zochepa. Woyang'anira wapadera wa TARP, Neil Barofsky, anapeza kuti sanayesetse mokwanira.

Chimene chinayatsa moto pakati pa anthu chinali china, chosavuta kuchimvetsa. Mu Malichi 2009 zinadziwika kuti AIG ikulipira mabonasi a madola 165 miliyoni ku nthambi yomwe ija inagwetsa kampaniyo. House inavomereza mwachangu msonkho wa 90 peresenti pa mabonasi otere, koma Senate sinaupititse patsogolo. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Novembala 2008, mabwana a General Motors, Ford ndi Chrysler anali atapita ku Washington kukapempha thandizo aliyense pa ndege ya kampani yake. Mu Julayi 2009 loya wamkulu wa chigawo cha New York, Andrew Cuomo, anatulutsa lipoti loonetsa kuti mabanki 9 oyamba aja analipira mabonasi a chaka cha 2008 okwana pafupifupi madola 33 biliyoni. Malire amene lamulo linaika pa malipiro a mabwana anali ofooka kwambiri moti sanaletse zimenezi.

Ndiye panali eni nyumba. Lamulo la pa 3 Okutobala linalemba poyera kuti chimodzi mwa zolinga zake ndi kuteteza anthu kuti asataye nyumba zawo, ndipo aphungu ena a Democrat anasintha voti chifukwa cha lonjezo limeneli. Chida champhamvu kwambiri chikanakhala kulola oweruza milandu ya olephera kubweza ngongole kuti azitha kuchepetsa ngongole ya nyumba imene munthu akukhalamo. Chimenechi chinasiyidwa kunja kwa lamulo mu 2008, ndipo chitabweranso mu Epulo 2009 Senate inachikana ndi mavoti 51 kwa 45, mabanki atachitsutsa mwamphamvu. Boma la Obama linapatula madola 50 biliyoni a TARP pa dongosolo lofewetsa ngongole za nyumba lotchedwa HAMP, likulonjeza kuthandiza mabanja 3 mpaka 4 miliyoni. Ntchitoyo inasiyidwa m'manja mwa makampani otolera ngongole, ndipo mabanja ambiri ankatumiza mapepala mobwerezabwereza, kuikidwa pa nthawi yoyeserera, kenako n'kukanidwa. Othandizidwa anachepera kutali pa chiwerengero cholonjezedwa, ndipo mabanja mamiliyoni ambiri analandidwa nyumba m'zaka zimenezo. Mabanki anapatsidwa ndalama m'masiku ochepa pa pepala lalifupi, pomwe banja linkadikira miyezi. Pano vuto silinali kuwononga ndalama zambiri. Zimene zinalonjezedwa kwa anthu ovutika sizinafike kwa iwo pa nthawi yake, ndipo mawu akuti kusakaza, monga ankagwiritsidwira ntchito pa mkanganowu, analibe malo a cholakwika cha mtundu umenewu.

Mawerengero omaliza amapatsa mbali iliyonse chonena. Madola 700 biliyoni sanatuluke onse. Lamulo la Dodd-Frank la 2010 linatsitsa malire kufika pa madola 475 biliyoni, ndipo zotuluka zenizeni zinali pafupifupi madola 443 biliyoni. Mabanki akuluakulu anabweza ndi phindu. Pa General Motors, imene nayo inalandira ndalama za TARP, boma linaluza pafupifupi madola 11 biliyoni. Ofesi ya Congress yowerengera bajeti inaika mtengo wonse wa TARP pa madola pafupifupi 31 biliyoni, ndipo gawo lalikulu ndi ndalama zothandizira eni nyumba zimene sizinali zobweza. Oikira kumbuyo dongosololi amati kupulumutsa chuma cha dziko pa mtengo umenewu kunali kotchipa, ndipo ine ndimavomereza kuti kusiya mabanki onse kugwa kukanapweteka kwambiri anthu osauka. Koma kubwezedwa kwa ndalama sikutseka nkhani. Mabankiwo anachira atatsamira pa ngongole zotchipa za Federal Reserve ndi pa chitsimikizo cha boma pa ngongole zawo, zinthu zimene sizili m'mawerengero a TARP. Fannie Mae ndi Freddie Mac anatenga pafupifupi madola 190 biliyoni m'thumba lina. Ndipo wobwereketsa pa nthawi imene wina aliyense akuthawa amayenera kulipidwa molingana ndi ngozi imene wasenza, monga Buffett analipidwira. Pamwamba pa izi, msika unaphunzira kuti banki yaikulu kwambiri sidzasiyidwa kugwa, ndipo chidziwitso chimenechi chimaichepetsera mtengo wobwerekera ndalama chaka ndi chaka.

Pa ndale, mkwiyo unagawikana pawiri. Lamulo lina la madola 787 biliyoni lolimbikitsa chuma litadutsa mu Febuluwale 2009, anthu ambiri analisakaniza ndi TARP m'maganizo mwawo, ndipo gulu la Tea Party linabadwa likudzudzula boma losakaza. Seneta Bob Bennett wa ku Utah, wa Republican amene anali pa mpando kuyambira 1993, anakanidwa ndi chipani chake mu 2010, ndipo voti yake pa TARP inali chimodzi mwa zifukwa. Mbali inayo, mu Seputembala 2011 gulu la Occupy Wall Street linamanga misasa ku Zuccotti Park mu New York likudandaula kuti mabanki anatoledwa, anthu n'kusiyidwa. Mu 2011 Congress inaimitsa mchitidwe woti phungu azilemba m'bajeti ndalama za ntchito inayake ya m'dera lake, ngakhale kuti ndalama zoterezi zinali pafupifupi 1 peresenti chabe ya bajeti. Zochepetsa misonkho za ramu ndi mabwalo a magalimoto sizinakhudzidwe ndi chiletsochi, chifukwa zimadutsira m'malamulo a misonkho, ndipo zinapitirizidwa mobwerezabwereza. Mchitidwe woimitsidwawo nawonso unabwerera mu 2021 ndi malamulo atsopano okakamiza phungu kuulula dzina lake pa pempho lililonse.

Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utatseka mabizinesi, Congress inavomereza lamulo la CARES la madola pafupifupi 2.2 thiliyoni, ndipo Senate inavota 96 popanda wokana. Ndime imene inatchuka kwambiri pa mkangano wa kusakaza inali ya madola 25 miliyoni opita ku Kennedy Center, nyumba ya zisudzo ndi nyimbo ya ku Washington. Ngongole zothandiza mabizinesi ang'onoang'ono zinatulutsidwa mwachangu popanda kufufuza mokwanira olandira, ndipo mu Juni 2023 woyang'anira wamkulu wa nthambi yoona za mabizinesi amenewa anawerengera kuti ndalama zoposa madola 200 biliyoni mwina zinapita kwa anthu achinyengo.